Ulendo wa mapemphero pa Phiri la Mulanje: kuchokera pa Likhubula mpaka ku Fort Lister

Mlembi wa achinyamata, Chitakale:
Abale, achinyamata a mpingo wathu akufuna ulendo wapansi wa mapemphero, kukwerera pa Likhubula n'kukatsikira ku Fort Lister. Tilipo 14, ambiri sanakwerepo phiri. Tikuganiza masiku atatu mu Juni, ndipo ena akuumirira zokafika pa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya phirili. Njirazi zimakumana pati, nanga tizigona kuti?

Bambo wa ku Likhubula:
Achimwene, masiku atatu sakwana kwa anthu osazolowera. Ikani anayi, ndipo mukafuna Sapitwa onjezani limodzi.

Tsiku loyamba mukwere mpaka pa nyumba yogona ya Chambe, maola anayi kapena kuposerapo pa gulu lotere. Njira zilipo ziwiri. Skyline ndi yaifupi koma yotsetsereka, ndipo dzuwa limakuwombani. Chapaluka imatsata mtsinje kudutsa cha ku Dziwe la Nkhalamba, ili ndi mthunzi ndi madzi. Oyamba kumene atengereni Chapaluka. Tsiku lachiwiri, Chambe mpaka pa nyumba ya Chisepo, pafupifupi maola atatu, ndipo ngati miyendo ikulola pitirirani kukagona pa nyumba ya Thuchila. Tsiku lachitatu mudutse pa nyumba ya Chinzama n'kukagona pa ya Sombani. Lachinayi ndi kutsika basi.

Maola amenewa muziwerengera munthu woyenda pang'onopang'ono kuposa onse, osati mnyamata wa mpira amene ali kutsogolo. Mapemphero aatali muzichita mukafika pogona. Mukamaima theka la ola pa mphambano iliyonse kuimba nyimbo, thukuta limazizira m'thupi ndipo mdima umakupezani panjira.

Mayi wa ku Phalombe:
Zimene anena bambowa ndi zoona, koma Juni ndikukana. Ndiyo nthawi ya chiperoni. Nkhungu ikatsika simuona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo, miyala imaterera, ndipo mphambano yomwe mumaidalira mumaipitirira osadziwa. Sankhani kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala, kungoti nthawi imeneyo muzisamala ndi moto wolusa m'maudzu.

Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo amakwerera pa Chisepo. Kupita ndi kubwera kumatha tsiku lonse, kukwawa pa miyala ndi manja omwe. Katundu amatsala pa Chisepo. Wolondolera akati lero ayi, musatsutse poti mwapemphera. Anthu anasowapo kumeneko. Komanso kwa anthu ozungulira phirili malowa ndi a mizimu ya makolo, ndiye phokoso ndi kunyoza zisiyeni kunyumba.

Chimene ambiri amaiwala ndi kumapeto. Ku Fort Lister simupeza minibasi ikukudikirani. Panganani ndi galimoto musanakwere, mumuuze dalaivala tsiku ndi ola, chifukwa netiweki pamwamba imangogwira malo ena.

Mkulu wa mpingo, Thyolo:
Ndiwonjezere za katundu, ana anga. Yambani mwapita ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula sabata zingapo ulendo usanafike: kulembetsa, kufunsa mitengo, kutenga wolondolera ndi onyamula katundu. Afunseninso ngati anthu 14 angakwane m'nyumba iliyonse, pakuti zina ndi zazing'ono ndipo mutha kupezamo alendo ena. Funsaninso za njira zomwe zinagumuka ndi namondwe Freddy mu 2023.

Wonyamula katundu asapitirire makilo 18. M'nyumbazi mumakhala mlonda amene amathandiza nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi chanu, ndipo kumupatsa kangachepe pochoka ndi ulemu. Ufa werengerani theka la kilo pa munthu pa tsiku. Ndiwo tengani usipa, soya ndi mtedza wosinja. Nyemba zouma ayi, zimatha nkhuni ndipo pamwamba zimachedwa kupsa. Aliyense akhale ndi bulangete, juzi, tochi ndi pepala la pulasitiki lokutira chikwama.

Nsapato zatsopano zisiyeni, zimatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Wina akalephera, pa Thuchila pali njira yotsikira kumunsi, koma atsike ndi wolondolera. Ndiye gulu lanulo lifunika olondolera awiri, osati mmodzi.