Mdala wosaona m'nkhani yanga akungomveka ngati mlaliki, ndimutani?

kalembera_Matero: Anzanga olemba thandizeni. Ndikulemba kankhani kakafupi ka kondakitala wamwano amene m'mawa uliwonse amakweza mdala wosaona pa minibasi ya ku Matero kupita mu tauni, kumapeto mnyamatayo amasintha mtima. Manje vuto mdalayo akangotsegula pakamwa ndi miyambi yokhayokha, ndikawerenga ndikumva ngati ndili mu tchalitchi. Ndichotse chani?

aphunzitsi_Chilenje: Achimwene pezani Cathedral ya Raymond Carver, ili m'buku lake la 1983. Wosaona wake Robert salalikira olo pang'ono, ali ndi ndevu, amasuta, amamwa mowa, amadya mpaka kukhuta, ndipo mwini nyumba amene akufotokoza nkhaniyo akudabwa kuti bwanji munthuyu alibe ndodo kapena magalasi akuda. Nsanje ikumudya chifukwa mkazi wake wakhala akutumizirana matepi ndi Robert kwa zaka 10. Usiku pa TV pakubwera pulogalamu ya matchalitchi akuluakulu a ku Ulaya, Robert akuti tandifotokozera mmene amaonekera, mkulu uja ndi maso ake awiri mawu akumuthera. Ndiye akutenga pepala ndi cholembera, Robert akuyika dzanja lake pamwamba pa dzanja la mnzakeyo nkumajambula limodzi, kenako akumuuza kuti atseke maso. Atamuuza kuti atsegule iye sakutsegula, basi nkhani yatha. Palibe pomwe akunena kuti ndasintha, mumangoona nokha. Kondakitala wanuyo mupatseni chochita ndi manja.

mai_Tembo_Kabwata: Ine zimenezi zimanditopetsa kunena zoona. Malume anga anasiya kuona ali mnyamata, foni amagwiritsa ntchito okha ndi TalkBack, pulogalamu yowawerengera mokweza zolembedwa pa foni, mpira pa wailesi sauphonya ndipo mukawabwereka ndalama sayiwala ngongole. Koma mu nkhani zanu wosaona amangobwera kuti wina aphunzirepo kanthu kenako nkumutaya. Mdala wanuyo akupita kukatani mu tauni? Ali ndi mkazi? Akukwiya ndi chani? Ngati simukudziwa ndiye simunamulembe. Ngakhale Robert wanuyo aphunzitsi, mkazi wake wangomwalira kumene koma nkhani yonse ikulira za munthu wansanje.

aphunzitsi_Chilenje: Amayi pamenepo mwandigwira, ngakhale ndinganene kuti Carver anachita dala, wofotokozayo ndi munthu wongoona za iye yekha ndiye malirowo angawaone bwanji.

chawama_boy: Ine ndiwonjezere za liwiro. Pa Marko 8 munthu wosaona wa ku Betsaida uja sanaone kamodzi nkamodzi, poyamba ankaona anthu ngati mitengo ikuyenda mpaka Yesu anamugwiranso kachiwiri. Kondakitala wanu asiyeni pa mitengo pomwepo, mawa lake atukwanebe pasenja wina koma chenji cha mdala achiwerengere m'manja mwake khobidi ndi khobidi. Komanso mutha kutembenuza zonse ngati H. G. Wells mu The Country of the Blind ya 1904, Nunez amagwera m'chigwa cha anthu osaona ku mapiri a Andes akuganiza kuti akhala mfumu, iwo nkumuyesa wodwala mutu mpaka kufuna kumuchotsa maso kuti achire.

kalembera_Matero: Zikomo nonse. Amayi a Tembo funso lanu landisowetsa tulo, ndaganiza kuti mdalayo akhale wogulitsa tokataimu ku City Market ndipo kondakitala ndi amene ali ndi ngongole kwa mdalayo. Miyambi ndasiyamo umodzi, ndipo amaunena molakwitsa.