Kodi chiwongo n'chiyani kwenikweni? Amalume andidzudzula

Wa ku Luchenza: Ndithandizeni abale. Madzulo ndikaweruka ndimamasulira m'Chichewa mapulogalamu aulere a pakompyuta, aja amene aliyense amaloledwa kuwakonza. Kumeneko chilankhulo chilichonse chili ndi zilembo zokhazikika zochiimira pa mndandanda wa padziko lonse wotchedwa ISO 639, chathu ndi ny, pena nya. N'chifukwa chake adiresi ya Wikipedia ya Chichewa imayamba ndi ny. Ndinadandaulira amalume kuti zilembozi zikuchokera ku Chinyanja, dzina limene linasinthidwa kukhala Chichewa kuno ku Malawi mu 1968, bwanji osazisintha nazonso? Iwo amvekere, "Dzina umasintha, chiwongo susintha." Nditati chiwongo ndi dzina la bambo lija la pachitupa, anandikalipira. Nanga n'chiyani?

Mayi wa ku Thekerani: Mwandikumbutsa agogo anga. Mtengwa akawabweretsera nsima sankamutchula dzina, ankawomba m'manja n'kuti "zikomo Nangondo." Chiwongo ndi cholemekezera munthu, mwanawe.

Mphunzitsi wopuma: Ulemuwo ndi nthambi chabe, mayi. Chiwongo ndi chozindikirira abale. Mlendo akafika pamudzi agogo anga ankayamba afunsa chiwongo, kuti adziwe ngati ali wamagazi amodzi, kuopa kuti ana angakwatirane pachibale. Amalumewo alondola. Ife timati Chichewa, a ku Zambia amati Nyanja, koma fayilo yomasuliridwa ku Chipata ndi ya ku Thyolo zimakumana malo amodzi chifukwa cha nya yemweyo. Mukasintha zilembo, kompyuta iziona ngati zilankhulo ziwiri, ndipo maulalo akale a pa intaneti aduka.

Mlomwe wa ku Chonde: Aphunzitsi, apo ndiye pandivuta. Agogo anga aakazi makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankacheza bwinobwino ndi abale a tsidya la Muloza. Koma Chilomwe cha kuno anachipatsa lon, cha ku Mozambique ngl, Chikokola nachonso chake, kzn. Chiwongo chanji chogawa ana a mimba imodzi? Pomwe Chimang'anja alibe nacho ntchito, anangochiunjika mu nya.

Mphunzitsi wopuma: Ndiye chomwe ndikunenacho! Mmang'anja ndi Mchewa chiwongo chawo n'chimodzi, nya yemweyo. Chozindikirira abale.

Mayi wa ku Thekerani: Kwathu tinkatinso mfunda. Kaya ndi chimodzimodzi ndi chiwongo? Agogo ankati china chimachokera kwa bambo, china kwa mayi, ndipo ndimadandaula kuti sindinawafunsitse akali moyo.

Mlomwe wa ku Chonde: Ana a lero muwafunse chiwongo aone. Mdzukulu wanga amandilonjera "boboo agogo" manja ali m'thumba. Moni wa Chilomwe sadziwa n'komwe, ndipo zimandipweteka mtima. Zilembo lon zilipo, nanga wodzalemba ndani?

Mayi wa ku Thekerani: Wanga amatchula apongozi anga dzina poyera, pamaso pa anthu. Ndikamudzudzula amati n'zachikale.

Mphunzitsi wopuma: N'chifukwa sazindikira abale awo. Ndabwereza katatu tsopano, tanthauzo lake ndi lomwelo.

Wa ku Luchenza: Zikomo nonse. Ine ny ndimusiya momwe alili, poti omasulira a kwina akudalira yemweyo. Koma a ku Chonde, funso lanu landikhala pamtima. Loweruka ndikupita kwa amalume, ndikawafunsenso za mfunda. Alipo wina amene agogo ake ankasiyanitsa mawu awiriwa?