Funde la kumanja likungochita thovu

Mphunzitsi wa wakesurf (masewera oyandama pa thabwa pa funde la kumbuyo kwa boti): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Boti langa likutulutsa funde losalala kumanzere, koma ndikasinthira kumanja likungophwanyika n'kuchita thovu, wophunzira akangotaya chingwe amatsalira m'mbuyo. Liwiro ndi lomwelo, makilomita 18 pa ola. Sikirini ikuonetsa kuti mathanki onse a ballast, a madzi olemeretsa boti kuti funde likule, adzaza.

Woyendetsa boti: Achimwene, mukuyesera pakuya bwanji? Madzi osafika mamita 5 amafooketsa funde. Komanso pulopela imazungulira mbali imodzi, ndiye mafunde awiriwa safanana ndendende.

Mphunzitsi wa wakesurf: Ndi pakuya ndithu. Kusiyana pang'onoko ndimakudziwa, koma uku kwanyanya ndipo kwayamba posachedwa.

Makaniko: Sikiriniyo musaikhulupirire, bambo. Pa maboti ambiri kompyuta siyeza madzi a m'thanki, imangowerenga nthawi imene pampu yalira n'kulemba 100%. Pampu ikakhala ya impeller, kagudumu ka labala kokankha madzi, timapiko take timatha kapena kuthothoka, makamaka ikamalira popanda madzi. Imamvekabe ngati ikugwira ntchito koma ikukoka madzi ochepa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ikaperewera malita 150, ndi ngati anthu awiri akuluakulu atsika mbali imeneyo. Dzazani mpaka madzi atulukire pa kabowo kosefukira ka m'mbali. Mbali imene sakutuluka, vuto lili komweko.

Woyendetsa boti: Muonenso timatabwa ta kumbuyo. Chiyambireni kampani ya maboti ya Malibu kutulutsa timatabwa totere totchedwa Surf Gate mu 2012, makampani ambiri anasiya zopendeketsa boti, funde limaumbidwa ndi kathabwa kotseguka mbali imodzi. Dziwani kuti funde la kumanja limakonzedwa ndi kathabwa ka kumanzere. Ambiri amamasula kolakwika.

Mphunzitsi wa wakesurf: Amakaniko mwalasa. Kumanja madzi sanasefukire. Ndatsegula pampu, timapiko tiwiri tathothoka. Timatabwa tonse tikutseguka bwinobwino.

Makaniko: Musanaike yatsopano, sakani zidutswazo. Zimakatsakamira m'paipi kapena pa valavu, mukavutikanso mawa. Impeller yatsopanoyo muipake mafuta amene imabwera nawo, osati girisi wa injini, amadya labala. Ya kumanzere musinthiretu, zinayamba ntchito limodzi. Mukatero muyese mphindi zimene thanki iliyonse ikudzazira, mukonze nthawiyo pa sikirini.

Woyendetsa boti: Funde likatuluka lalitali msinkhu koma lalifupi, onjezani madzi m'thanki ya kutsogolo kuti wophunzira akhale ndi malo osewerera. Kokayesako mutalikire gombe ndi maboti oimikidwa.