Magetsi a ku bafa la amayi oyembekezera: swichi ikhale pati?

Mlembi, Bambo a Lusia (Ulongwe): Akuluakulu ndi amayi nonse, mwaswera bwanji. Dzulo ndinapita kumudzi kukaona mabafa awiri aja a ku nyumba yodikirira amayi oyembekezera. Pulasitala watha, zitseko aika, thanki yakwera ndipo madzi akutsika bwino m'mashawa onse. Chatsala ndi magetsi. A nesi akuti amayi ambiri amasamba 5 koloko isanakwane kapena madzulo kutada, ndipo pano akulowa ndi tochi ya foni, ena amata kandulo pa zenera. Mnyamata amene anatiikira magetsi ku tchalitchi uja wati akoka waya kuchokera m'chipinda chogona, babu imodzi bafa lililonse, swichi mkati pafupi ndi chitseko, tsiku limodzi ntchito yatha. Tivomere?

Msungichuma, a Phiri (Tete): M'thumba mwatsala 21,000 meticais, ndipo mmisiri wa zitseko sitinamalize kumulipira. Ngati njira ya mnyamatayo ndi yotchipa, ine ndavomera. Chofunika amayi aziona pomwe akuponda.

A NaJere (Moatize): Achimwene a Phiri, pepani ndikutsutsani. Pamene ndinali ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri tinkakhala nyumba ya lendi kuno. Swichi inali mkati mwa bafa, chivundikiro chake chong'aluka pakona. Tsiku lina nditatha kusamba, mapazi ali m'madzi a sopo, ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse. Mkono wonse unauma mpaka paphewa, mano anagundana, ndinangopezeka ndakhala pa simenti, mawu osatuluka. Usiku umenewo ndinagona dzanja lili pamimba kudikira kuti mwana agunde. Anadzagunda mbandakucha. Amayi tikuwamangirawa ali mwezi wa 9, ena achokera kutali, bafalo salidziwa. Swichi ya mkati ine ayi.

A Phiri (Tete): Pepani kwambiri achemwali, zimenezo sindinkazidziwa. Koma ija inali yosweka. Tikagula yatsopano?

Bambo a Tadala (Beira): Ndilowepo, poti iyi ndiyo ntchito imene ndikudyera. Yatsopano nayonso idzasweka, a Phiri, ndipo isanasweke nthunzi idzakhala italowa kale kuseri kwake. Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya kuno ku Mozambique, ndi 220 volts. Khungu louma limawakaniza pang'ono, koma lonyowa ndi sopo limawatsegulira njira, ndipo munthu wopanda nsapato pa simenti yonyowa ndiye waya wabwino wolowera pansi. Shoko imene kuchipinda ingangokudzidzimutsani, ku bafa itha kuimitsa mtima.

Malamulo a ntchito yathu amagawa bafa m'zigawo. Pomwe madzi amagwera sipaikidwa chilichonse cha 220. Pamalo a shawa, kuchokera pansi kukwera mamita 2.25, komanso masentimita 60 kuzungulira, mumaloledwa nyale zotsekeka zokha, swichi wamba ndi tomada (soketi) ayi. Tsono onani chithunzi chimene a mlembi anatumiza mwezi watha: munthu ataima pansi pa shawa atha kukhudza makoma onse anayi. Mabafa athuwa mulibe ngodya youma. Swichi ituluke panja basi.

Nyale isakhale babu yolendewera pa waya. Tigule ya LED yotsekeka ndi galasi ndi labala yake, yolembedwa IP65. Nambala 6 ikunena kuti fumbi silingalowe, 5 ikunena madzi opopera. Ena anena kuti IP44 ikwana, ndipo m'nyumba ya banja imakwanadi, koma bafa la anthu ambiri amalitsuka pomwaza ndowa yathunthu kukhoma. Kumbukiraninso kuti sitinaike siling'i. Juni ndi Julayi wa kwathu ku Angonia mumamudziwa, nthunzi ikagunda malata ozizira imasanduka mame n'kumadontha, ndipo imadonthera pa chilichonse chomwe mwapachika pamenepo. Nyaleyo ikhale pakhoma, m'mwamba, kutali ndi mutu wa shawa.

Bambo a Lusia (Ulongwe): Zamveka. Nanga waya uja wokoka kuchokera kuchipinda?

Bambo a Tadala (Beira): Umenewo ndiwo ukundiopsa kuposa swichi. Mabafa akhale ndi mzere wawowawo kuchokera pa quadro, bokosi logawira magetsi lija: waya wa 1.5 mm², zingwe zitatu, chachitatu chobiriwira ndi chikasu chija cha terra, chothawitsira magetsi m'nthaka, zonse m'paipi ya PVC. Zolumikiza zikhale m'bokosi kunja kwa bafa, osati zopota ndi dzanja n'kukulunga tepi pamwamba pa khoma. Chitsulo cha terra chikhomedwe pansi, chiyezedwe, ndipo ngati pali paipi ya madzi yachitsulo nayonso imangiriridwe ku terra. Kenaka diferencial ya 30 mA, kachipangizo kodula magetsi akathawira kwina. Apa ndipempha a msungichuma asandidule.

Anthu ambiri amayesa kuti disjuntor (bureka ya pa quadro) ija ya 10 A imateteza munthu. Imateteza waya kuti usapse. 10 A ndi 10,000 mA, pamene mtima wa munthu utha kusokonezeka ndi magetsi osafika 100 mA. Munthu atha kuuma atagwira mpope disjuntor ili phee. Diferencial imayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ikaona kuti ena athawira kwina, kaya m'khoma kaya m'thupi, imadula sekondi isanakwane.

Mavuto (Johannesburg): Makolo anga, poti takhudza za chisanu, bwanji tiikiretu mitu ya shawa yotenthetsa madzi ija? Amayi kusamba madzi a m'thanki 4 koloko m'mawa mu Julayi ndi chilango. Ine nditha kugula iwiri.

Bambo a Tadala (Beira): Mtima wako ndi wabwino mphwanga, koma pano ayi. Mutu umodzi wa 5,500 W umakoka 25 A. Waya wa 1.5 ungasungunuke, pafunika wokhuthala ndi disjuntor yake, mutu uliwonse pawokha. Ndiponso ndiye kuti waika 220 pamwamba penipeni pa mutu wa munthu wonyowa, pamalo pomwe palibe mmisiri wokhala pafupi woti aziyang'anira. Funsanso kuti mayunitsi ake a Credelec, magetsi olipiriratu aja, azigula ndani. Ndalamayo sunga, chaka chamawa tikambe za thanki yotenthetsa ndi dzuwa.

Mavuto (Johannesburg): Ndamva malume. Koma nkhani ya madzi otentha isafe, ndidzaibweretsanso.

Mayi a Esitere (kumudzi): Ine ndili konkuno ndipo ndinagonako ku nyumba imeneyo podikirira mpongozi wanga. Abambo mukukamba za waya, ndikuuzeni za usiku. Kuchokera kuchipinda kukafika ku bafa pali mtunda, pali mwala wochapira, pali ngalande. Mukaika swichi pakhoma la bafa kunja, mayi wa mimba yaikulu ayende mumdima mpaka kumeneko, ayambe kupapasa khoma, mvula ikumukhapa. Chinanso, odikirira amabwera ndi ana. Mwana akaona swichi panja aidina munthu ali mkati ndi sopo kumaso. Akaterereka mayi ameneyo tidzati chiyani?

A NaJere (Moatize): Amayi anena zoona. Ine sindinaganize za ana.

Bambo a Tadala (Beira): Zikomo amayi, mwandikonza. Tichite chonchi: swichi imodzi mkati mwa chipinda chogona, pafupi ndi chitseko, m'mwamba poti mwana asafikire. Iziyatsa nyale zitatu pamodzi, ziwiri za m'mabafa ndi ina yapanja younikira njira, nayonso ya IP65. Pamenepo ndi pouma, ndipo palibe amene adzaigwire akutuluka m'madzi. Madzulo aziyatsa, m'mawa azizimitsa.

A Phiri (Tete): Usiku wonse? Nanga mita?

Bambo a Tadala (Beira): Nyale zitatu za 9 W ndi 27 W. Maola 12 usiku uliwonse, mwezi wathunthu ndi pafupifupi 10 kWh basi.

A Gama (Tsangano): Ine ndikadakonda solar ya 12 volts. Ilibe shoko yopha, ndipo magetsi akazima nthawi ya mvula amayi sakhala mumdima.

Bambo a Tadala (Beira): Pa chitetezo a Gama mwalasa, 12 volts ndiyo yabwino koposa ku bafa. Chondikayikitsa ndi batire. Imatha pakapita zaka zochepa, ndipo panelo ya padenga lalifupi chonchija imakopa maso. Gulu likalonjeza kuti lizigula batire ikafa, ine sindikana.

A Phiri (Tete): Lonjezo limenelo thumba lathu silingalisenze pano. Tipite ndi magetsi a pa quadro. Bambo a Tadala, lembani zonse zofunika, mawa ndizungulira masitolo kuno ku Tete ndifananitse ndi mitengo ya ku Ulongwe. Wa zitseko ndikamba naye adikire kutha kwa mwezi. Koma mnyamata uja ndi mwana wa kwathu, tisamuchititse manyazi.

Bambo a Tadala (Beira): Sitimutaya. Ndikubwera kumudzi sabata yachiwiri ya mwezi wamawa, tidzagwira limodzi, adzaone mmene terra amayezera. Asayambe ndisanafike. A mlembi, kambaninso ndi akuluakulu a chipatala, quadro ndi yawo, sitingaitsegule popanda chilolezo. Ndipo diferencial ili ndi kabatani kolembedwa T. Pafunika munthu wodina kamodzi pamwezi kuona ngati ikudula.

Mayi a Esitere (kumudzi): Kabataniko mudzandionetse ine. Loweruka loyamba la mwezi timakasesa kumeneko ndi amayi a mpingo.

A Gama (Tsangano): Ine za solar sindinagonje, koma ndatumiza 500 yanga.

A NaJere (Moatize): A Phiri, onani M-Pesa, ndatumiza ya diferencial, ikachepa mundiuze. Ndaonjezapo ya matochi awiri akuluakulu. A mlembi, mukawapatse a nesi sabata ino, amayi aziwagwiritsa ntchito kufikira Bambo a Tadala atafika.

Bambo a Lusia (Ulongwe): Ndikwera chapa (minibasi) Lachinayi m'mawa. Mnyamata uja ndamuimbira, wati adikira.