Kodi kumva kuwawa poona ukwati wa eni minda ndi nsanje?

Phiri wa ku Diepsloot:
Abale anzanga, ine ndimasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Kyalami, kuno ku Joni, kwa banja lomwe lili ndi mafamu akuluakulu ku Free State. Mwezi wathawu mwana wawo wamkazi anakwatiwa, ndipo chikondwerero chinatenga masiku atatu. Lolemba m'mawa anandiuza kuti ndikataye maluwa onse a m'tenti, omwe anali asanafote n'komwe, pamodzi ndi nyama yotsala imene inadzaza migolo iwiri ya zinyalala. Madzulo ake ndinabwerera kumene ndimagona, m'chipinda cha malata chomwe timakhalamo anthu anayi, ndipo mtima wanga sunakhazikike mpaka lero. Kodi imeneyi ndi nsanje chabe?

Nabanda:
Achimwene, imeneyo si nsanje. Mu 1913 boma la azungu linakhazikitsa lamulo la Natives Land Act, lomwe linasiyira anthu akuda pafupifupi 7 peresenti ya nthaka ya dziko lino la South Africa, ndipo mu 1936 anangowonjezera kufika pa 13 peresenti. Kafukufuku wa boma wa mu 2017 anapeza kuti pa minda ya ulimi yomwe ili m'manja mwa anthu paokha, 72 peresenti ndi ya azungu. Mwana wa pa famu amalandira malo kwa makolo ake, n'kukawapereka ku banki ngati chikole, pamene mwana wa ku Alexandra, dera la anthu osauka kuno ku Joni, ngakhale amaona nyumba zosanja za ku Sandton tsidya la msewu wa M1, alibe chilichonse choti akapereke.

Mbewe wa ku Thyolo:
Mayi Nabanda mwanena zoona, koma tisaiwale kwathu. Ine ndinakulira m'mudzi wopanikizika pakati pa minda ya tiyi, ndipo bambo anga ankalima pa phiri, pamalo poti mvula ikagwa nthaka yonse inkakokoloka, pamene tiyi anali chibiriwiri m'malo abwino onse. Agogo ankatisimbira za thangata, pamene munthu ankagwira ntchito kwa mwini esiteti kuti angoloredwa kukhala pa nthaka yomwe makolo ake anaikidwapo. Nkhanza zoterezi pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915. Chomwe chinandibweretsa kuno ku Joni si china ayi, koma kusowa polima.

Mayi a Chisomo:
Ine ndimachapa ndi kusita m'nyumba zoterezi, ndipo sindidana ndi ukwati waukulu, chifukwa anzathu ambiri amapezerapo ganyu. Chimene chimandipweteka n'chakuti munthu yemweyo wogula maluwa otaya ndiye amakana kulipira maola owonjezera, podziwa kuti mlendo amaopa kudandaula. Bambo Phiri, kodi masiku atatu aja anakulipirani monga lamulo la ntchito likunenera?

Phiri wa ku Diepsloot:
Ayi mayi, anangondipatsa malipiro anga a nthawi zonse, ngakhale Loweruka ndinaweruka cha m'ma 2 koloko usiku. Maola onse ndinawalemba m'kope, ndipo Lachisanu ndikawaonetsa abwana.