Za petulo wa galimoto ya turbo ija: ndapeza yankho

Mwezi watha ndinafunsa ngati galimoto yanga ya turbo ikufunikadi petulo wa octane yokwera (octane ndi nambala yosonyeza mmene petulo amapiririra kupanikizika osaphulika yekha), komanso ngati kampani yogulitsa mafuta ili ndi kanthu. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ndinayamba ndatsegula kachitseko ka pathanki. Mkati mwake mwalembedwa 95 RON, kutanthauza octane yofunika pa muyezo wotchedwa RON, chonsecho zaka ziwiri zonsezi sindinayang'anepo, manyazi ake! Turbo imakankhira mpweya wambiri mu injini, ndiye kutentha ndi kupanikizika kumakwera. Petulo wa octane yotsika amatha kuphulika yekha mosalongosoka, injini n'kumagogoda. Kompyuta ya galimoto ikamva kugogodako imachedwetsa moto wa mapulagi pofuna kuteteza injini. Ine ndinkathira wa octane yotsika, n'chifukwa chake yanga inkafooka pamtunda kukatentha, ine n'kumanamizira turbo. Nditayamba kuthira wa 95, pofika thanki yachiwiri kufookako kunatha. Ndinayesanso 98 kamodzi, koma kunena zoona sindinamve kusiyana kulikonse.

Amene munatchula 91 ya ku America, samalani: a ku America amawerengera octane pa muyezo wina wotchedwa AKI, ndipo 91 yawoyo ndi pafupifupi 95 RON.

Za kampani, nkhani yake ndi yochepa. Nthawi zambiri mafuta amachokera kumodzi, chimasiyana ndi mankhwala otsukira injini amene amathiramo. Ine pano ndimangomwetsa pamalo podzaza magalimoto, pamene mafuta sakhalitsa m'mathanki awo.