Ngongole ya kuchipatala ija yatha, nayi mmene zayendera

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za bilu ya chipatala kuno ku America, yomwe a inshuwalansi anangolipirako theka. Ndinatsatira amene munati ndisalipire kanthu ndisanaone itemized bill, bilu yolemba chinthu chilichonse pachokha.

Ndinapempha biluyo, yokhala ndi makodi ake, n'kuifananiza ndi EOB, pepala lochokera kwa a inshuwalansi losonyeza zomwe alipira ndi zomwe sanalipire. CT scan imodzi inalembedwa kawiri, ndipo anaichotsa osavuta. Kenako ndinapempha fomu ya financial assistance, yopempha chipatala kuchepetsa bilu kwa ovutika kulipira. Zipatala zosachita phindu lamulo limazikakamiza kukhala ndi ndondomeko imeneyi, ndipo zimalandira fomuyi mpaka masiku 240 kuchokera pa bilu yoyamba. Anafuna ma pay stub (mapepala osonyeza malipiro a kuntchito) ndi mapepala a msonkho a chaka chatha. Mukaiwala limodzi, fomu ikhoza kungogona phee, ndiye muziimba foni kufunsa. Anandichotsera gawo lalikulu, yotsalayo tinagwirizana ndilipire kamodzi pa mtengo wotsika.

Musatumize ndalama asanakupatseni kalata yonena kuti ndalamayo ikutseka ngongole yonse. Zolonjezana pafoni zimaiwalika msanga.

Amene munati ndiiike pa credit card, pepani, sindinatero. Ikalowa kumeneko imasanduka ngongole wamba yobereka chiwongoladzanja, n'kutaya chitetezo chake. Kuyambira 2023, ngongole ya chipatala yosakwana $500 saiika pa credit report (mbiri ya ngongole zanu yomwe obwereketsa ndalama amayang'ana), ndipo yomwe mwalipira kale amaichotsa. Ngati yafika kale kwa otolera ngongole, muli ndi masiku 30 mutalandira kalata yawo yoyamba oti muitsutse polemba, iwo abweretse umboni.